Uta wa Msinkhu Wake

Amene anapitako ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, pa mwambo wa Nc'wala, amadziwa zimene amuna amanyamula akamavina ngoma: chishango cha chikopa cha ng'ombe kumanzere, chibonga kapena mkondo kumanja. Uta simungauone m'manja mwa impi, ankhondo a Angoni. Angoni a Mpezeni, amene makolo awo anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ankamenya nkhondo moyandikira mdani mpaka kumugwira mpweya. Uta unali wa anthu amene iwo anawapeza kuno, Achewa, Ansenga ndi Akunda a kuchigwa cha Luangwa. Nawonso amenewa anaupeza uli kale m'dziko. M'mapanga a Kalemba, Makwe ndi Thandwe, wofukula zakale David Phillipson anapeza timiyala tosemedwa tambirimbiri, tina tosaposa chikhadabo kukula, ndipo akatswiri amati tina mwa ito tinkamangidwa kunsonga kwa mivi. Ku Gwisho, m'Chigawo cha Kummwera, nthaka yonyowa ya pa akasupe otentha inasunga zida za mtengo za alenje, za zaka zoposa 4,000.

Lero uta watsala m'manja mwa ana oweta ng'ombe, ndipo nawonso amakonda legeni chifukwa imalowa m'thumba. Mfuti ya gogodera inayamba kuulanda malo kalekale, kenaka malamulo oteteza nyama anatseka uzimba wopanda chilolezo. Sindidandaula za uzimbawo. Nyama zatha m'madera ambiri, ndipo zimene zatsala ku Luangwa zikudyetsa mabanja ochuluka zili zamoyo. Chimene chimandipweteka n'chakuti pamodzi ndi uzimba patayika luso lina limene silinkapha nyama iliyonse, luso la munthu wamkulu woyang'ana mwana, kumuyeza, n'kumusemera uta wolingana naye.

Luso limeneli linaonekeranso pafupi nafe, kungowoloka malire pa Mwami kulowa m'Malawi. Areneo David, mnyamata wa ku Gumulira m'boma la Mchinji, anakaponya mivi ku masewera a Olimpiki ku Rio de Janeiro mu 2016. Anali Mmalawi woyamba kupikisana nawo pa masewera a uta kumeneko, ndipo anapitanso ku Tokyo mu 2021. Anthu akamva nkhaniyi amayamba kufunsa za mtengo wa uta wake ndi amene anamugulira. Ine ndimafunsa za amene anaima pambali pake tsiku loyamba. Anali mayi wa ku Korea, Park Young-sook, amene ali mtsikana anaimira dziko lake ku Olimpiki ya ku Los Angeles mu 1984, ndipo atakula anabwera kudzaphunzitsa achinyamata a kumudzi ku Malawi. Anyamata a diso lakuthwa ndi dzanja losanjenjemera alipo mudzi uliwonse kuyambira ku Vubwi mpaka ku Lundazi. Kusiyana kwa Gumulira ndi midzi yathu n'kwakuti kumeneko kunafika munthu wodziwa kuyang'ana.

Kodi mphunzitsi wotere amayang'ana chiyani? Choyamba ndi utali wa kakokedwe. Munthu akagwira uta ndi dzanja limodzi n'kukoka nsinga ndi linalo, pali malo amene thupi lake limafika n'kukhazikika: mkono wakutsogolo watambasuka koma phewa silinakwere, chigongono chakumbuyo chili mzere umodzi ndi muvi, chala chagunda pansi pa chibwano kapena pangodya ya kamwa. Mtunda wochokera pogwirira uta kufika pamene nsinga yaima ndiwo utali wa kakokedwe wa munthuyo. Ndi wake yekha. Abale awiri obadwa m'mimba imodzi, ofanana msinkhu, akhoza kusiyana chifukwa wina ndi wotambalala chifuwa, wina ndi wa khosi lalitali.

Pali njira yoyerekezera imene aphunzitsi amayambira. Munthu amaima chotsamira khoma, n'kutambasula manja onse awiri, ndipo amamuyeza kuchokera kunsonga ya chala chapakati cha kuno kufika kunsonga ya cha uko. Muyeso umenewo, m'mainchesi, amaugawa ndi 2.5. Wa masentimita 170, amene ndi mainchesi pafupifupi 67, amapeza mainchesi 27 osakwana pang'ono. Nambala imeneyi ndi yofunika chifukwa mphamvu ya uta imatsatira utali umene waukokera. Mafakitale amalemba pa uta kulemera kwake m'mapaundi, koma amayeza ataukoka mainchesi 28. Inchesi iliyonse yoonjezera kapena yochepetsa imasintha kulemerako ndi mapaundi awiri kapena kupitirira pang'ono. Uta wolembedwa 30, m'manja mwa mtsikana wokoka mainchesi 25, ndi wa mapaundi 24 kapena kuchepera. M'manja mwa mnyamata wamtali wokoka 30, wafika 34 kapena kuposa. Utawo ndi womwewo, koma anthu awiriwa akuponya zida ziwiri zosiyana, ndipo mivi yowayenera ndi yosiyananso, pakuti muvi umapindika ukamachoka pa nsinga, ndipo kulimba kwake kuyenera kugwirizana ndi mphamvu imene ikuukankha. Kutalika kwa uta weniweniwo kumasankhidwanso motero. Mauta a recurve a akuluakulu nthawi zambiri amakhala a mainchesi 66, 68 kapena 70, ndipo wokoka patali amapatsidwa wautali kuti nsinga isamupane zala. Uta wa compound, wa timagudumu kunsonga uja, ndiye suchita kunyengerera: umakokeka kufika pamene anauchunira n'kuima nji, kotero ngati anachunira munthu wina, iwe ukakamizika kupinda thupi lako kuti ulingane nawo.

Kakokedwe kakatalika kuposa muyeso, munthu amapendekera kumbuyo, mutu n'kuthawa nsinga, chigongono chakutsogolo n'kulowa m'njira, ndipo nsinga imamukwapula mkono mpaka kutupa. Kakafupika, mapewa amakwinyikira m'khosi, ntchito yonse n'kugwera minofu ya manja imene sichedwa kutopa, ndipo muvi uliwonse umapita kwake. Choopsa kwambiri ndi muvi waufupi. Wokoka patali akapatsidwa muvi wa mnzake wamfupi, nsonga imatha kutsetsereka kuchoka pa uta n'kulunjika m'dzanja lake lomwe, pa nthawi imene zala zikumasula nsinga.

Zonsezi ndinadzaziwerenga ndili wamkulu. Koma ndinaziona kaye ndili mwana, kumudzi kwa amayi kumbali ya ku Chadiza, m'manja mwa amalume anga amene sanagwirepo tepi yoyezera. Pa unyamata wawo anali mlenje, ndipo uta wawo unkakhala wosomekedwa kudenga, utada bii ndi mwaye. Tsiku lina ndinawapempha kuti ndiukokeko.

"Uwu si wako, mphwanga," anatero. "Uwu unasemedwera ine. Tiye kudambo."

Kudamboko anasankha mabango owongoka, okhwima, a mfundo zotalikirana. Anatenga limodzi n'kuika tsinde lake pachifuwa panga, pa fupa lapakati pomwe, n'kundiuza kuti nditambasulire manja onse kutsogolo ndi kuligwira bangolo pakati pa zikhatho. Pamene zala zanga zinathera anaonjezapo zala zawo ziwiri, n'kulemba ndi mpeni. Bango limenelo ndilo linakhala muyeso wa mivi yanga yonse. Patapita zaka zambiri ndinadzapeza kuti m'makalabu a mauta ku Ulaya, wophunzira watsopano amamuyeza momwemo asanamupatse muvi: tsinde pachifuwa, manja kutsogolo, nsonga ipitirire zala ndi inchesi imodzi kapena ziwiri.

Uta sanaumalize tsiku limodzi. Anadula mtengo wofika pachibwano panga, n'kuupala, n'kukunga chingwe cha khonje chimene anapota pantchafu, n'kundipatsa kuti ndikoke. Iwo sankayang'ana utawo. Ankayang'ana nkhope yanga. Ndikangotukumula masaya kapena kuluma mlomo, ankaulanda, kumasula chingwe, n'kukhala pansi kupalanso mimba yake pang'onopang'ono, mbali iyi kenaka mbali iyo, uku akuugonetsa pabondo kuti aone ngati nsonga zonse zikugonja mofanana.

"Amalume, mukuufewetsa kwambiri. Anzanga andiseka."

"Akuseke. Uta ukakukwinyitsa nkhope, ndiye kuti ukukulamula ndi iwo. Koka ndione."

Nditakoka anazungulira kumbuyo kwanga, n'kuika chala chimodzi pakati pa mapewa anga, pamene mafupa awiri aja amayandikana.

"Pana chala changachi. Kokera kuno. Manja ndi ongogwirira."

Ndinayesa kupana chalacho, ndipo chingwe chinadzibwerera chokha kufika pangodya ya kamwa, pamene poyamba chinkathera patsogolo pa mphuno. Mkono wanga sunatalike, ndipo uta sunasinthe. Chinasintha ndi malo amene mphamvu inkachokera. Aphunzitsi a masiku ano amalankhula kwambiri za kukoka ndi minofu ya kumsana, ndipo amajambula zithunzi za mafupa pofotokoza. Amalume anangogwiritsa ntchito chala.

Apa ndi pamene masamu ogawa ndi 2.5 aja amathera mphamvu. Amakupatsa poyambira chabe. Utali weniweni wa kakokedwe umaoneka munthu akaima bwino, ndipo woyamba kumene saima bwino. Akamaphunzira kutsitsa phewa ndi kutsegula chifuwa, kakokedwe kake kamatalika, mwina ndi inchesi yathunthu m'miyezi yoyamba. Wogula mivi yodula tsiku loyamba n'kuidula pa muyeso wa tsikulo amadzaipeza yafupika. Ndipo palibe amene angadzione kumsana. Woponya amamva ngati waima chilili pamene wapendekera, amamva ngati chigongono chakwera pamene chagwa, chifukwa thupi limazolowera cholakwika n'kumachimva ngati chabwino. Foni imathandiza, inde. Mnzako akhoza kukujambula kanema n'kudzionera wekha. Koma kanema amangokuonetsa, sakuuza choyamba kukonza, ndipo amabwera muvi utapita kale. Mphunzitsi amakugwira chigongono nsinga ikadali pachibwano.

Pali chinanso chimene munthu sangachidziwe popanda womuuza. Aliyense ali ndi diso limodzi limene limatsogolera linzake, ndipo silikhala nthawi zonse la mbali ya dzanja limene amadyera nsima. Mphunzitsi amauza mwana kuti apange kabowo ndi manja ake awiri, ayang'anire pamenepo chinthu chakutali maso onse ali otsegula, kenaka abweretse manjawo kunkhope pang'onopang'ono. Kabowoko kamafikira pa diso lotsogolera. Mwana wa dzanja lamanja koma wa diso lamanzere, akapanda kuyezedwa, mivi yake imapita pambali tsiku ndi tsiku, iye n'kumadziona ngati wopanda luso, mpaka kusiya. Kuyeza kwakeko sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Pa nkhani ya mphamvu, anyamata ambiri amaganiza kuti uta wolimba ndiwo wa mwamuna. Makolo athu sankadalira zimenezo. Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi Shire, wa 1858 mpaka 1864, dokotala John Kirk anaona Amang'anja akupaka mivi yawo ulembe wochokera ku njere za kombe. Muviwo unali wa zigawo ziwiri: chitsulo cha ngowe chomangidwa pa kamtengo, kamtengoko n'kulowetsedwa m'bango. Nyama ikalasidwa n'kuthawa, bango linkagwa, chitsulo n'kutsala m'thupi, ndipo mlenje ankangotsata mapazi. Kirk anaona kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono atatsuka mano ndi mswachi umene unakhudzana ndi kombe m'thumba, ndipo pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anatulutsa m'njerezo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Mlenje wa muvi wotere sankafunika uta wothyola msana. Ankafunika kuyandikira mwakachetechete, kukoka popanda kunjenjemera, ndi kulasa pamene walinga.

Ngakhale kumene ankafunadi mauta olimba, sankayambira pamenepo. Mauta amene anawavuula m'chombo cha nkhondo cha ku England chotchedwa Mary Rose, chimene chinamira mu 1545, akuyerekezedwa kuti ambiri anali a mapaundi oposa 100, ndipo mafupa a mapewa a ena mwa amuna a m'chombomo akuonetsa zizindikiro za ntchito yolemetsa ya zaka zambiri. Koma bishopu Hugh Latimer, polalikira pamaso pa mfumu Edward VI mu 1549, anakumbukira kuti bambo ake, amene anali mlimi, ankamugulira mauta molingana ndi zaka ndi mphamvu zake, iye akamakula utanso n'kumakula. Mlimi wa ku England ndi mlenje wa ku Chadiza, amene sanamvanepo mbiri, ankalera ana awo pa uta m'njira imodzi.

Ife a ku Chipata tinakulira pa njinga, ndipo tonse tinamuonapo mwana wopalasa njinga ya bambo ake mwendo atalowetsa pansi pa mtanda, thupi lili pambali, chishalo chikumugunda m'nthiti. Amafika kumene watumidwa, ndipo timamuyamikira kuti ndi wochenjera. Umphawi unatiphunzitsa kulinganiza thupi ndi chinthu chimene chilipo, ndiponso kugulira mwana chachikulu kuti akuliremo. Sindinyoza zimenezi, pakuti zinatilera. Koma pa uta sizitheka. Mwana wa panjinga uja akadzatalika amangokwera pachishalo n'kuiwala zakale, pamene mwana wophunzira pa uta womuposa mphamvu amasunga m'mapewa mwake kaimidwe kolakwika kamene kamatenga zaka kukachotsa, mwinanso kuvulala kumene.

Ndinaziona ndi maso pa tsiku la masewera pa sukulu ina kunja kwa tauni. Munthu wina wakufuna kwabwino anabweretsa uta wa recurve umene anagula ku Johannesburg, wokongola, wolembedwa mapaundi 40, pamodzi ndi mivi ingapo. Ana anafola mzere wautali. Anyamata akuluakulu ankaukoka mokukuta mano, kuuloza kumwamba kaye kuti apeze mphamvu, n'kumasula nsinga isanafike kunkhope. Angapo anachoka akusisita mkono pamene nsinga inawakwapula, akuseka kubisa ululu. Kenaka inafika nthawi ya mtsikana wina wa Giredi 8, wamtali, wowonda. Anaima chammbali popanda womuuza, mapazi motalikirana bwino, mapewa ali pansi, mutu wosagwedezeka. Anakoka kufika theka, uta n'kukana. Anayesanso, n'kuubweza pang'onopang'ono osamasula, chimene anyamata onse aja sanachiganize. Wina kumbuyo anakuwa kuti izi si za atsikana, anthu n'kuseka, iye n'kupereka utawo n'kukaima kumbali.

Pa ana onse amene anagwira uta tsiku limenelo, mwana ameneyo ndiye anali ndi kaimidwe ka woponya mivi. Ankangofunika uta wa mapaundi 16 kapena 18. Atsikana a ku South Korea apambana mendulo ya golide ya timu pa Olimpiki iliyonse kuyambira 1988 ku Seoul mpaka 2024 ku Paris, kakhumi kotsatizana, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anayambira pa mapaundi 40. Ndinapita kwa aphunzitsi a masewera n'kuwauza zimene ndinaona.

"Mwanena zoona, akulu," anandiyankha. "Koma uta ndi umodzi womwewu. Nanga titani?"

Funso lawolo ndi loona, ndipo lakhala likundizungulira m'mutu. Yankho limene ndafikapo n'lakuti sitiyenera kuyambira pa uta wa kusitolo. Aphunzitsi a ku Korea ndi a maiko ena amayambitsa ana pa mphira wokoka, kuti aphunzire kaimidwe ndi kakokedwe thupi lisanalemedwe ndi chilichonse. Mphira umenewo tili nawo kwa aliyense wokonza njinga ku Kapata, chubu chakutha chimene ana amadula kale kupangira malegeni. Mwana aponde bwino, akoke chubu kufika pachibwano, wamkulu ali kumbuyo kwake ndi chala pakati pa mapewa. Akakhazikika, apatsidwe uta wa nsungwi, ndipo mauta a nsungwi akhale angapo, ofewa ndi olimbirako, aafupi ndi aatali, kuti mwana aliyense apeze wake m'malo molimbana ndi umodzi. Mabango a mivi ali kudambo. Chandamale chikhoza kukhala thumba la feteleza lopakiramo masanza ndi mapulasitiki mpaka kulimba, loimikidwa patsogolo pa chulu, pamalo posadutsa anthu kapena mbuzi, pa mtunda wa mamita 5 kapena 10 poyamba. Lamulo likhale limodzi losaphwanyika, lakuti palibe wopita kukazula mivi wina akadali ndi uta m'manja. Uta wa ku Johannesburg uja usungidwe, udikire mwana amene adzaufikire.

Zonsezi ndalama zake n'zochepa. Chovuta kupeza ndi munthu woima kumbuyo uja. Ndimaona kuti tikamakamba za masewera timathamangira kupempha zida, chifukwa zida zimaoneka pa chithunzi tsiku lozipereka, pamene mphunzitsi ntchito yake imaoneka patapita zaka. Komatu katoni ya mauta yofika pa sukulu popanda wodziwa kuyeza ana imatha m'njira ziwiri: kutsekeredwa mu ofesi poopa ngozi, kapena kuthyoka msanga, chifukwa sipalephera kupezeka mwana wokoka nsinga n'kuimasula popanda muvi, ndipo uta ukatero mphamvu yonse imabwerera mwa iwo wokha n'kuung'amba. Bungwe la World Archery, limene linakhazikitsidwa mu 1931, lili ndi maphunziro a aphunzitsi oyambira pa gawo loyamba, ndipo gawo limenelo nkhani yake ndi yomweyi: chitetezo, diso lotsogolera, muyeso wa muvi, kaimidwe. Mphunzitsi mmodzi wa masewera ataphunzira zimenezi akhoza kuyendera masukulu angapo pa njinga.

Ndiponso sitiyenera kuyang'ana ku Lusaka kokha, makilomita oposa 550 kuchokera kuno, pamene Mchinji ili pakhomo. Anthu a uko ndi a kuno timalankhula chimodzi, timakwatirana, ndipo Ogasiti aliyense timakumana ku Mkaika pa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Ngati kuli achinyamata amene anadutsa m'manja mwa Park Young-sook, nzeru imene anawasiyira ingathe kuwoloka pa Mwami monga zimawolokera chimanga ndi zitenje. Alipo enanso amene tikuwaiwala, madala a m'midzi ya ku Mambwe, ku Chadiza ndi ku Vubwi amene anakunga uta pa unyamata wawo. Akutha mmodzimmodzi. Sadziwa za mapaundi ndi mainchesi, koma amadziwa kuwerenga nkhope ya mwana wokoka chingwe, ndiponso amadziwa mtengo woyenera ndi nyengo youdula. Mphunzitsi wa satifiketi atakhala pamphasa ndi mdala wotere masana amodzi, onse awiri angatolepo kanthu.

Sindikunena kuti uta wa nsungwi ungafikitse munthu ku Olimpiki. Kumeneko amaponya pa mtunda wa mamita 70, chandamale chake n'cha masentimita 122, ndipo kabwalo kapakati kopatsa mapointi 10 n'ka masentimita 12.2 okha. Pa mtunda umenewo kusiyana kwa mamilimita ochepa pa kakokedwe kumakweza kapena kutsitsa muvi moonekeratu. N'chifukwa chake pa uta wa mpikisano pamakhala kachitsulo kopyapyala kotchedwa clicker, kamene kamagona pa muvi n'kulira kuti the, nsonga ikangodutsa, kudziwitsa woponya kuti wafika pa muyeso wake. Kachitsulo kameneka kamaikidwa pamalo pake ndi mphunzitsi amene wamuyang'ana munthuyo kwa miyezi, ndipo kakaikidwa polakwika kamasanduka mdani. Ku Tokyo, Areneo David anakumana m'chigawo choyamba ndi Kim Je-deok wa ku Korea, mnyamata wa zaka 17 amene anali woyamba pa amuna onse m'mayeso osanja mayina ndipo anabwerera kwawo ndi mamendulo awiri a golide. David anagonja 6 kwa 0. Ena angaone manyazi pamenepo. Ine ndinaona mwana wa kumudzi wa alimi a chimanga ndi fodya, wofanana ndi ana a ku Feni kapena ku Chiparamba, ataima pa mzere umodzi ndi katswiri wa dziko limene lili ndi matimu a mauta kuyambira ku pulayimale, akukoka kufika pachibwano mwa dongosolo lomwelo.

Ana ambiri amene angaphunzire uta kuno sadzapita ku mpikisano uliwonse, ndipo si vuto. M'kalasi ya ana 70 mphunzitsi sangathe kuyang'ana mwana mmodzi payekha, yunifolomu ndi ya mkulu wake, desiki ndi ya anthu atatu. Pa uta, mwanayo amaitanidwa ndi dzina, amatambasula manja, wamkulu n'kumuyeza iye yekha, n'kumupatsa chinthu chodulidwa pa msinkhu wake. Ndikukumbukira mmene ndinamvera amalume atalemba bango lija ndi mpeni, ndipo ndikufuna mtsikana wa Giredi 8 uja, kapena mng'ono wake, adzamve chimodzimodzi.

Amene angayambe ntchitoyi asunge kope. Alembemo dzina la mwana aliyense, diso lake lotsogolera, muyeso wa manja ake, utali wa muvi wake ndi uta umene akugwiritsa ntchito. Ana a zaka 12 mpaka 15 amakula mofulumira, ndipo manja amatha kutalika teremu imodzi yokha. Woyezedwa mu Januwale ayezedwenso sukulu zikatsegulira mu Meyi ndi mu Seputembala, ndipo muvi uliwonse umene sukupitiriranso zala zake uchotsedwe m'phodo mwake tsiku lomwelo, upatsidwe kwa wamng'ono, iye akadulirenso bango lina.